Tiyeni Tikawongole Miyendo: Njira za ku Westport Zofikika pa Basi

Kwathu palibe amene ankachita kutiuza kuti tiziyenda. Chigayo chinali kutsidya kwa dambo, mjigo kumapeto kwa mudzi, sukulu kuseri kwa phiri, ndipo munthu ankamaliza mtunda wautali tsiku lililonse osadziwa n'komwe kuti akuthandiza mtima wake. Koma ife amene tinabwera kudzaphunzira kapena kudzagwira ntchito kuno ku Ireland, kuyenda kumeneko kunatithera mwezi woyamba womwe. Basi imaima pafupi ndi khomo, sitolo ili pangodya, madzi ali m'nyumba. Tikaweruka timafika titatopa, kunja kuli mdima ndi mvula, ndiye timangodziponya pampando foni ili m'manja mpaka tulo. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu lamba amayamba kuthina, dokotala amayamba kukamba za BP ndi shuga, ndipo ena a ife mtima umangokhala wolemera osadziwa chimene chavuta.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, zoti mtima uzigunda mofulumirako koma munthu n'kumathabe kulankhula. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 tsiku lililonse. Kuyenda ndawala n'kokwanira. Ambiri a ife timagwira ntchito zoimirira, m'nyumba zosamalira okalamba, m'mahotela ndi m'mafakitale, ndiye timati tayenda kale mokwanira. Miyendo imatopadi, koma kuzungulira m'makhonde a nyumba yotseka mawindo, makutu ali ku belu la wodwala, sikupatsa munthu kuwala kwa dzuwa, mpweya wabwino kapena mpumulo wa maganizo.

Tikakamba zotuluka kupita kumidzi, yankho limene timapatsana kawirikawiri ndi lakuti, "Ife tilibe galimoto." N'zoona kuti laisensi ya kuno imatenga nthawi, ndipo inshuwalansi ya munthu wongoyamba kumene ndi yodula. Komabe malo ambiri okongola a dziko lino amafikika pa basi. Mwezi uno tatenga tauni imodzi yaing'ono, Westport, kuti tione mmene banja lopanda galimoto lingakonzere ulendo wotere, kuyambira pa siteji mpaka kubwerera kunyumba bwinobwino. Zimene tinene pano zingagwire ntchito m'tauni ina iliyonse imene mukukhala.

Tauni ndi basi yake

Westport ili m'chigawo cha Mayo, kumadzulo kwa Ireland, m'mphepete mwa nyanja ya mchere pamalo otchedwa Clew Bay. Mumakhala anthu osapitirira 7,000. Pakati pa tauni pamadutsa kamtsinje ka Carrowbeg, kamene anakamangira zipupa za miyala ndi kubzala mitengo uku ndi uku. Ochokera ku Dublin amakwera sitima pa siteshoni ya Heuston, ndipo ulendowo umatenga maola 3 ndi mphindi zingapo, choncho ndi bwino kukonza zogona komweko usiku umodzi.

Basi imene tikuidalira m'nkhani ino ndi ya Bus Éireann, nambala 450. Ubwino wake ndi wakuti Westport ili pakati pa ulendo wake. Ikalowera kumadzulo imadutsa pa Murrisk, patsinde pa phiri la Croagh Patrick, n'kukafika ku Louisburgh. Ikalowera kumpoto imadutsa ku Newport ndi ku Mulranny, n'kuwoloka mlatho wa pa Achill Sound kulowa pachilumba cha Achill mpaka ku Dooagh. Njira zonse zimene titchule zili m'mbali mwa msewu wa basi imeneyi.

Mabasi a kumidzi kuno sayembekeza kuti adzaze ngati maminibasi a kwathu, ndipo mukaiphonya imodzi ina siibwera pompopompo. Imanyamuka pa nthawi yolembedwa, kaya muli anthu atatu okha. Nthawi zake zimasinthidwa mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake sitizilemba pano. Zioneni pa tsamba la intaneti la Transport for Ireland kapena la Bus Éireann dzulo lake la ulendo, ndipo muzilembe papepala, chifukwa batire la foni limatha msanga kukazizira. Onetsetsani kuti mukuwerenga ndandanda ya tsiku loyenera. Kwa mabanja athu ambiri tsiku lopezeka tonse ndi la Sande, ndipo ndilo tsiku limene mabasi amachepa. Khadi la Leap limagwira ntchito m'mabasi amenewa. Mukaona basi ikubwera, kwezani dzanja kuti woyendetsa adziwe kuti mukukwera, ndipo pokwera muuzeni kumene mukatsike. Safunsa anadya phula: oyendetsa mabasi a kuno amawadziwa bwino malo otsikira anthu oyenda pansi.

Yambani ndi ulendo wobwerera

Munthu wa galimoto akatopa amabwerera pamene anaimika, nthawi ina iliyonse. Ife a basi tiyenera kuwerengera chammbuyo. Musanasankhe njira, pezani kaye nthawi ya basi yobwererera. Kenako musadalire basi yomaliza, dalirani yotsatizana nayo kutsogolo kwake, kuti yomalizayo ikhale yokupulumutsani ngati mwana wapweteka phazi kapena mvula yakuchedwetsani.

Mukadziwa maola amene muli nawo, werengerani mtunda. Munthu wamkulu wathanzi amayenda pafupifupi makilomita 4 pa ola panjira yosalala. Pakakhala ana kapena agogo, werengerani makilomita 3 kapena kucheperapo. Onjezerani ola lina la kudya, kupuma ndi kujambula zithunzi. Liwiro la gulu ndi la munthu amene amayenda pang'onopang'ono kuposa onse, ndipo njira isankhidwe poganizira iyeyo, ngakhale achinyamata adandaule.

Nzeru ina yothandiza kwambiri ndi iyi: kwerani basi m'mawa kupita kumapeto kwa njira, ndipo muziyenda cholowera kumene mukugona. Mukatero palibenso basi yoti muiphonye madzulo. Phazi lililonse limene mwaponda likukufikitsani pafupi ndi nyumba.

Kumbukiraninso kuwala. Kuno masiku salingana chaka chonse. Mu Juni, 10 koloko usiku kumakhala kukadali kowala ndipo tsiku limakhala ndi maola pafupifupi 17 a kuwala. Mu Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko itayandikira n'kulowa isanakwane hafu pasiti 4, kutanthauza maola osakwana 8. Amene mumapuma Lachisanu muziwerengera zimenezi, kuti Sabata isakupezeni muli pa siteji mukudikira basi.

Kwa ongoyamba kumene

Ngati papita miyezi musanayende mtunda wautali, yambani ndi kanjira kochokera m'tauni kupita ku Westport Quay, kumene kunali doko. Kanjira kameneka kamatsata pamene panali njanji, n'kosalala, ndipo sikakwana makilomita 3. Mungakankhe ngolo ya mwana popanda vuto. Pofika kunyanja mumaona phiri la Croagh Patrick chakumanzere ndi tizilumba tambirimbiri ta m'Clew Bay. Anthu a kuno amakonda kunena kuti tizilumbato tilipo 365, kamodzi pa tsiku lililonse la chaka, ngakhale kuti owerenga bwinobwino amapeza tochepera pamenepo. Kupita ndi kubwerera ndi ola limodzi ndi theka. Chitani zimenezi kangapo musanayese zazikulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Amene ali ndi vuto la mtima, amene amamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika akakwera masitepe, ndiponso amayi oyembekezera amene anauzidwa kuti asamale, ayambe aonana ndi dokotala wawo. Odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga azinyamula kanthu kotsekemera, chifukwa kuyenda nthawi yaitali kumatha kutsitsa shuga mopitirira, ndipo aziyang'ana mapazi awo akafika kunyumba.

Njira ya pa njanji yakale

Njira yotchuka kwambiri kuno ndi Great Western Greenway, ya makilomita pafupifupi 42 kuchokera ku Westport kukafika ku Achill Sound. Inatsegulidwa yonse mu 2011. Imatsata njanji yakale imene inafika ku Achill mu 1895 n'kutsekedwa mu 1937. Popeza sitima siikwera zitunda zazikulu, njirayi ilibe malo otsetsereka kwambiri, ndipo mbali yaikulu mulibe magalimoto. Palibe chifukwa choyendera yonse tsiku limodzi. Inagawika patatu, ndipo basi ya 450 imaima poyambira ndi pothera pa chigawo chilichonse.

Chigawo choyamba ndi cha pakati pa Westport ndi Newport, makilomita pafupifupi 11. Kwerani basi mpaka ku Newport, mukaone mlatho wakale wa sitima wa zipata 7 womangidwa ndi miyala yofiirira pamtsinje wa Black Oak, ndipo mubwerere wapansi ku Westport. Akuluakulu okhaokha angamalize m'maola 3, banja la ana m'maola 4 kapena kuposerapo. Malo ena njirayi imayenda pafupi ndi msewu waukulu wa N59, choncho gwirani ana padzanja powoloka.

Chigawo chachiwiri, cha pakati pa Newport ndi Mulranny, ndi cha makilomita pafupifupi 18, ndipo ambiri amati ndicho chokongola koposa. Kumpoto kuli mapiri a Nephin Beg, kummwera nyanja ndi tizilumba take. Tiyeni tiwerengere: makilomita 18 pa liwiro la 4 pa ola ndi maola 4 ndi theka, kuonjezapo ola lopuma ndi maola 5 ndi theka. Umenewu ndi ulendo wa miyezi ya Meyi mpaka Seputembala, wa akuluakulu ndi achinyamata ozolowera. Musadalire kupeza sitolo panjira. Tikulangiza kuti mukwere basi mpaka ku Mulranny ndipo muziyenda cholowera ku Newport, pa zifukwa ziwiri. Mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera kumadzulo ndi kummwera chakumadzulo, ndiye idzakhala kumsana kwanu. Chachiwiri, mukathera ku Newport muli pafupi ndi Westport, ndipo ngati basi yakusiyani takisi yake siikhala yodula ngati yochokera ku Mulranny.

Banja la ana aang'ono lingathe kungotsika ku Mulranny n'kukhala komweko. Kuchokera pamudzipo pali kanjira komangidwa pakati pa dambo la madzi a mchere kopita kumchenga wa m'mphepete mwa nyanja. M'mapiri ozungulira mumakhala mbuzi zamtundu wakale wa ku Ireland, za ubweya wautali ndi nyanga zazikulu, zimene anthu a m'deralo akuyesetsa kuziteteza kuti zisathe. Ana amene anabadwira m'tauni, amene mbuzi amangoiona pa foni akamalankhula ndi agogo, amakondwa nazo akaziona.

Chigawo chachitatu, kuchokera ku Mulranny kukafika ku Achill Sound, ndi cha makilomita pafupifupi 13. Chimadutsa m'mbali mwa Bellacragher Bay ndi m'madambo a dothi lakuda limene anthu a kuno amadula, kuliumitsa ndi kusonkhera moto. Kulibe mitengo yambiri yobisalamo mphepo, choncho sankhani tsiku labata.

Njanji imeneyi ili ndi mbiri imene ife ochoka kwathu tingaimve bwino. Anthu a ku Achill anali osauka, ndipo chaka chilichonse achinyamata ankapita ku Scotland kukagwira ganyu m'minda, makamaka yokumba mbatata. Mu Juni 1894 bwato limene linanyamula ena a iwo linatembenuzika pafupi ndi Westport Quay ndipo anthu 32 anamira. Njanji inali isanatsegulidwe n'komwe mpaka kumapeto, koma sitima yapadera inanyamula mitembo yawo kupita nayo kwawo. Mu Seputembala 1937 anyamata 10 a ku Achill anapsa m'nyumba imene ankagona ku Kirkintilloch, ku Scotland, ndipo sitima inabweretsanso mitembo, patangotsala masiku ochepa kuti njanjiyo itsekedwe. Poyenda pamenepa ndi ana athu, ndi bwino kuwauza kuti eni dziko linonso anadziwa kusiya kwawo pofuna kudyetsa mabanja awo.

Phiri la Croagh Patrick

Murrisk ili makilomita pafupifupi 8 kumadzulo kwa Westport, ndipo basi imakutsitsani pafupi ndi poyambira kukwera phiri. Croagh Patrick ndi lalitali mamita 764. Ife amene tikudziwa kuti nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ndi mamita 3,002 tingaliderere, koma phiri ili mumaliyambira pafupifupi pamlingo wa nyanja, ndiye mamita onsewo mumawakwera ndi miyendo yanu. Kukwera ndi kutsika ndi makilomita pafupifupi 7, ndipo anthu ambiri amatenga maola 3 ndi theka kapena 4. Chigawo chomaliza n'chotsetsereka kwambiri. Zaka zaposachedwapa anakonzapo njira ya masitepe a miyala pofuna kuteteza phirilo kuti lisakokoloke, koma miyala ikanyowa imaterera, ndipo ngozi zambiri zimachitika potsika, mawondo atatopa.

Pamwamba pamazizira kwambiri kuposa pansi, ndipo chifunga chimatha kuphimba nsonga m'mphindi zochepa. Mukaima ku Murrisk n'kuona kuti nsonga yabisika mumtambo, kwerani mpaka pamene mukuona bwino ndipo mubwerere. Ngakhale mutangofika pakati, pamene njira imakhala ngati yagona isanayambe kukwera komaliza, mudzaona Clew Bay yonse pansi panu. Musananyamuke gwirizanani ola lobwerera, ndipo likakwana tembenukani, kaya nsonga ikuoneka pafupi bwanji. Phiri simulipeza litachoka mukadzabweranso.

Kwa Akatolika a kuno phiri limeneli ndi malo a ulendo wa chipembedzo. Pamwamba pali kachalichi kamene kanamangidwa mu 1905, ndipo pa Sande yomaliza ya Julayi anthu zikwizikwi amakwera. Ofuna bata asankhe tsiku lina.

Amene sangathe kukwera asatsale kunyumba. Kutsidya kwa msewu, cha kunyanja, kuli mabwinja a nyumba ya amonke ya m'zaka za m'ma 1400, ndiponso chikumbutso cha dziko lonse cha njala yaikulu. Ndi chombo chachitsulo chokhala ndi mafupa a anthu m'malo mwa zingwe, chimene anapanga John Behan ndipo chinatsegulidwa ndi Pulezidenti Mary Robinson mu 1997. Njalayo inayamba mu 1845 pamene matenda anaononga mbatata ya kachewere, yomwe ija timaitcha kuti airishi. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi anathawira kunja. Mayo inali m'gulu la zigawo zimene zinavutika koposa. Agogo ndi ana aang'ono angayende pang'onopang'ono m'malo amenewa podikira okwera phiri.

Zovala ndi kamba

Kumadzulo kwa Ireland mvula ilibe nyengo. Imatha kuwaza ngati chiperoni m'mawa, dzuwa n'kuwala masana, madzulo n'kubweranso ndi mphepo. Tikamadikira tsiku lopanda mtambo sitidzatuluka. Onani zimene a Met Éireann, oona zanyengo, alengeza. Akapereka chenjezo la mphepo kapena mvula, la mtundu wachikasu, wa olenji kapena wofiira, phiri lisiyeni. Koma mvula yowaza yokha isakuletseni kuyenda pa Greenway ngati mwavala bwino.

Chofunika choyamba ndi jekete losalowa madzi lokhala ndi chipewa chake. Ambulera imathyoka ndi mphepo. Valani zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza, kuti muzivula mukatenthedwa ndi kuvalanso mukaima. Pewani jinzi ndi malaya a thonje, chifukwa zikanyowa siziuma msanga ndipo zimachotsa kutentha m'thupi. Munthu wonyowa amene ali pamphepo amatha kuzizidwa moopsa ngakhale m'chilimwe. Mukaona wina akunjenjemera kosalekeza, akupunthwapunthwa kapena akulankhula zosamveka, mubiseni ku mphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma ndi kumupatsa chakumwa chotentha ngati akutha kumeza bwino. Pangozi imbani 112 kapena 999. Mukakhala kuphiri, pemphani a Mountain Rescue.

Pa Greenway nsapato zothamangira zolimba n'zokwanira. Kuphiri mufunika nsapato zogwira akakolo, za mapazi osaterera. Nsapato zatsopano musaziyambire pa ulendo wautali, zingakutulutseni matuza. Sitolo zogulitsa zovala zakale pothandiza ovutika, zimene zili m'tauni iliyonse kuno, nthawi zambiri zimakhala ndi majekete abwino pamtengo wotsika.

Kamba akhale wosavuta: buledi wa bulauni wopaka chiponde, nthochi, maapozi, mtedza wokazinga, mbatata yophika, ndi supu wa nyemba wotentha m'fulasiki. Aliyense anyamule madzi ake, lita imodzi kapena kuposerapo pa ulendo wa theka la tsiku. Kukazizira ludzu silimveka, koma thupi limatayabe madzi. Musamwe madzi a m'timitsinje ngakhale aoneke oyera, chifukwa kumtunda kwake kumadya nkhosa.

Pali nkhani yabwino kwa ife amene tinakula tikuponda mosamala m'udzu: ku Ireland kulibe njoka zakutchire. Zimene zilipo ndi nkhupakupa, makamaka kuyambira m'masika mpaka m'dzinja lisanalowe, ndipo zina zimafalitsa matenda otchedwa Lyme. Mukadutsa m'udzu wautali lowetsani thalauza m'masokosi, ndipo madzulo dziyang'aneni thupi lonse, ana muwayang'anenso m'mutu, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo. Nkhupakupa ichotseni msanga poigwira pafupi ndi khungu ndi kachitsulo kozulira, n'kuikoka molunjika. Pakatuluka chidzolo chozungulira chimene chikukula, kapena mukamva ngati chimfine patapita masiku, pitani kwa dokotala ndipo mumuuze kuti munalumidwa. Pakhungu lakuda chidzolocho sichioneka msanga, choncho yang'anani pamalo owala bwino. M'chilimwe madzulo kukakhala bata kumabweranso tizilombo ting'onoting'ono touluka totchedwa midges. Timayabwa koma sitifalitsa malungo.

Minda ili ndi eni ake

Ku Ireland kulibe lamulo lopatsa munthu ufulu woyenda paliponse pamene wafuna. Malo ambiri, ngakhale mapiri ooneka ngati tchire, ali ndi eni ake. Greenway inatheka chifukwa alimi ndi eni malo oposa 100 analola kuti njira idutse m'malo awo, ndipo malowo akadali awo. Ife timadziwa mmene zimapwetekera munthu akadula njira pakati pa munda wa chimanga. Choncho tiziyenda m'njira yoikidwa zizindikiro, chipata tizichisiya mmene tachipezera, zinyalala tizibwerera nazo, kuphatikizapo makoko a nthochi. M'masika nkhosa zimakhala ndi ana, ndipo ana athu asazithamangitse. Pa Greenway pamadutsa njinga zambiri, ndiye yendani chakumanzere ndipo musatseke njira yonse mukakhala gulu. Mukafika pamsewu wopanda njira ya oyenda pansi, yendani kudzanja lamanja moyang'anizana ndi magalimoto amene akubwera, monga tinaphunzirira kwathu, pakuti kunonso magalimoto amayenda kumanzere.

Anthu a kumidzi kuno amapatsana moni panjira. Mawu awiri okhudza nyengo ndi okwanira kuyamba macheza, ndipo mlimi amene mwamupatsa moni ndi amene angakuuzeni ngati kutsogolo kwasefukira madzi.

Dzuwa ndi khungu lathu

Tinene chinthu chimodzi momveka, kuti wina asaganize kuti kuyenda panja kwathetsa zonse. Khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo vitamini ameneyu amalimbitsa mafupa ndi minofu. Koma Ireland ili kumpoto kwambiri, moti kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka m'Malichi dzuwa lake lilibe mphamvu yokwanira kuchita zimenezi. Khungu lakuda limafuna dzuwa lochuluka kuti lipange mlingo womwewo. N'chifukwa chake akuluakulu a zaumoyo kuno amalangiza kuti achinyamata ndi akuluakulu a khungu lakuda azimwa vitamini D, mamaikilogalamu 15 patsiku, chaka chonse. Za ana aang'ono ndi amayi oyembekezera funsani dokotala kapena wa ku famase. Kuwala kwa masana kumathandizabe m'njira zina, ngakhale kuli mitambo. Kumakonza nthawi ya tulo, makamaka kwa ife ogwira ntchito usiku, ndipo anthu ambiri amapepukidwa mumtima akakhala panja. Koma ngati kukhumudwa kwatenga milungu ingapo, munthu sakugona, sakudya kapena sakufuna kuona anthu, apite kwa dokotala. Ulendo wa kumidzi ukhale wothandizira chabe.

Tisapite tokha

Ulendo wotere umakoma mabanja awiri kapena atatu akagwirizana. Wina aone za basi, wina za nyengo, wina za kamba. Itanani mnyamata kapena mtsikana amene wangofika kumene, amene amakhala yekha m'kachipinda ndipo sadziwa aliyense kupatula a kuntchito. Zimene munthu sanganene pagome amazinena poyenda, maso ali kutsogolo. Musananyamuke uzani wina wotsala kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere.

Amene simukhala pafupi ndi Westport, tsegulani mapu a mabasi a kwanu. Kuonjezera pa Bus Éireann pali mabasi a TFI Local Link amene amafika m'midzi ing'onoing'ono m'zigawo zonse. Bungwe la Sport Ireland limasunga mndandanda wa njira zovomerezeka zoyenda pansi, ndi kutalika kwake ndi kuvuta kwake. Njira zozungulira zimakhala ndi mivi yamitundu pamitengo ya zizindikiro, ndipo njira zazitali zimakhala ndi kachithunzi kachikasu ka munthu woyenda. Ikani mapu awiriwo pamodzi ndipo muone pamene akukumana.

Ndipo inu makolo amene mukuwerenga muli kumudzi, mwana wanu akaimba foni kuchokera ku Ireland, mukatha kumufunsa za ntchito ndi za ndalama ya feteleza, mumufunsenso kuti anatuluka liti komaliza kukayenda masana, ndiponso kuti anapita ndi yani.